Mai Haley, mphunzitsi amene adakokera makampani kukhoti

Inu amene mumagulitsa pamsika mukudziwa momwe zimakhalira. Wachiphaso akafika safuna kumva zoti lero malonda avuta, mumapereka basi. Tsono taganizani tsiku lina mutamva kuti makampani akuluakulu a magetsi, a matelefoni ndi a zamtengatenga mumzinda wanu womwewo akhala zaka ndi zaka osakhoma msonkho woyenera, ndipo chifukwa cha ichi mphunzitsi wa mwana wanu wauzidwa kuti ndalama zomukwezera malipiro palibe. Izitu ndizo zidachitika mumzinda wa Chicago, ku America, m'chaka cha 1900. Amene adavundukula nkhaniyi sadali nduna, loya kapena mtolankhani ayi. Adali mphunzitsi wa pulaimale, mai wochepa thupi koma wa pakamwa pakuthwa, dzina lao Margaret Haley.

Bungwe la aphunzitsi limakhala ndi likulu, zigawo ndi nthambi, ndipo ambiri a ife maso amakhala kulikulu, kwa mabwana ovala masuti amene amaoneka m'nyuzipepala. Moyo wa Mai Haley ukutikokera maso pansi, kunthambi, kumene mphunzitsi wa choko m'manja amasonkhetsa anzake ndalama za umembala nthawi yopuma. Kumeneko ndiko maiwa adapeza mphamvu zao zonse, ndipo kunena mosapsatira, kumeneko ndiko adadzatsekeredwanso atakalamba.

Mai Haley adabadwa pa 15 November 1861 ku Joliet, m'chigawo cha Illinois, m'banja la anthu ochokera ku Ireland. Bambo ao, a Michael Haley, adali munthu wokonda za mabungwe a anthu apantchito, choncho mwanayu adakula akumva nkhani za olemba ntchito ndi olembedwa pakhomo pomwepo. Chuma cha banjalo chitasokonekera, mtsikanayu adayamba kuphunzitsa pasukulu ya kumudzi ali ndi zaka 16 zokha. Mu 1884 adapeza malo pa Hendricks School, pafupi ndi makola ndi nyumba zopherako ng'ombe ndi nkhumba za ku Chicago, dera lonunkha ndi losauka, lodzaza ndi ana a anthu obwera amene ambiri kwao sankalankhula n'Chingerezi chomwe. Adaphunzitsa kalasi yofanana ndi Sitandade 6 pamalo amenewo kwa zaka 16. Palibe amene akadalosera kuti dzina lao lidzamveka kunja kwa mpanda wa sukuluyo.

Chidawadzutsa ndi penshoni. Mu 1895 chigawo cha Illinois chidakhazikitsa lamulo lopatsa aphunzitsi a ku Chicago penshoni, koma pasadathe nthawi ena adayamba kuligwedeza. Aphunzitsi a pulaimale, pafupifupi onse azimai, adaona kuti akangokhala chete adzakalamba manja ali m'khosi. Mu 1897 adayambitsa bungwe lao, Chicago Teachers' Federation. Mabungwe a aphunzitsi adalipo kale, koma ili lidabwera ndi khalidwe lachilendo: aphunzitsi aakulu ndi oyang'anira sukulu sankaloledwa kulowamo. Lidali la amene amaimirira m'kalasi okhaokha. Chifukwa chake nchosavuta kumva. Mphunzitsi sangadandaule za bwana wake momasuka bwanayo atakhala pampando wakutsogolo akulemba maina.

Kakonzedwe kake nkofunika kukamvetsa, pakuti ndiye fupa la nkhani yonseyi. Bungwelo lidali ndi anthu ake m'sukulu, ndipo mzinda udagawidwa m'madera, dera lililonse ndi mtsogoleri wake. Uthenga ukachoka kuofesi unkafika m'sukulu mwamsanga, ndipo dandaulo la mphunzitsi mmodzi wa kumathero kwa mzinda linkadziwa njira yokafikira kuofesi. Mai Haley eniakewo adayambira pomwepo, ngati wachiwiri kwa wapampando woimira dera lao. Pa zaka zochepa chabe, aphunzitsi a pulaimale oposa theka mumzindamo adali mamembala.

Mayeso oyamba adabwera mu 1899. Komiti yotsogozedwa ndi a William Rainey Harper, mkulu wa University of Chicago, idakonza zoti mphamvu zolemba, kukweza ndi kuchotsa aphunzitsi ziunjikidwe m'manja mwa mkulu mmodzi woyang'anira sukulu zonse, ndiponso kuti anthu a madigiri ndiwo azitsogozedwa. Kwa ana aakazi a amisiri ndi a ogwira ntchito m'mafakitale, amene uphunzitsi udali khomo lao lokhalo lotulukira mu umphawi, ichi chidali chitseko chotsekedwa pamphuno. Aphunzitsiwo adayenda khomo ndi khomo kusainitsa makolo, ndipo bilu ija idagwa kunyumba ya malamulo ku Springfield.

Kenaka idabwera nkhani ya msonkho ija. Bodi yoyendetsa sukulu idali italonjeza kukweza malipiro mu 1898, koma idabweza mau ponena kuti m'thumba mulibe kanthu. Anthu ena akadangodandaula m'chipinda cha aphunzitsi nkumapita kwao. Mai Haley ndi mnzao Catherine Goggin adafunsa funso limene aliyense wa bizinesi amafunsa ndalama zikasowa m'kabati: kodi zalowera kuti? Kuyambira mu January 1900 awiriwa adasiya choko, bungwe nkumawalipira kuchokera m'masonkhasonkha a mamembala, ndipo adakakhala m'maofesi a boma kufufuza mabuku a msonkho tsamba ndi tsamba.

Zimene adapeza nzakuti makampani a gasi, magetsi, matelefoni ndi sitima zoyenda m'misewu ya mumzinda adali ndi zilolezo za mtengo wapatali zogwiritsa ntchito misewu ya anthu onse, ndipo lamulo linkati zilolezo zimenezi zizikhomeredwa msonkho. Koma bodi ya chigawo yoyenera kuziwerengera mtengo inkangotsinzina chaka ndi chaka. Mwini kagolosale ankakhoma, mwini nyumba ya zipinda ziwiri ankakhoma, akuluakuluwa ayi. Aphunzitsi adatengera bodiyo kukhoti kuti ikakamizidwe kugwira ntchito yake, ndipo mu 1901 khoti lalikulu la Illinois lidagamula mowakomera. Makampani adathamangira kukhoti lina nkukachepetsako ndalamazo, komabe pamapeto pake asanu mwa iwo adalipira pafupifupi madola 600,000, ndipo gawo la sukulu lidali pafupifupi madola 250,000.

Mukuganiza kuti aphunzitsi adalandira pomwepo? Ayi ndithu. Bodi ya sukulu idaona ndalama zagwa ngati mana nkuganiza zolipirira malasha ndi kukonzetsera nyumba. Amene adasaka nyama adatsala pang'ono kungonunkhiza msuzi. Adabwereranso kukhoti, ndipo mu 1904 woweruza Edward Dunne adalamula kuti ndalamazo zipite kumalipiro amene aphunzitsi adamanidwa. A Dunne omwewa adadzakhala mfumu ya mzindawo mu 1905.

Apa pali chinthu chimene ophunzira a mbiri ayenera kuchisunga. Zonsezi azimaiwa adazichita alibe voti. Ku Illinois azimai adaloledwa kuvota pazisankho za pulezidenti ndi za m'mizinda mu 1913, ndipo m'dziko lonse la America mu 1920. Wandale sankaopa mphunzitsi wamkazi, pakuti sakadamuchotsa pampando. Mai Haley adaona kuti khoti lokha silikwanira, pafunika anthu a mavoti kumbuyo kwao. Ndiye mu 1902 bungwe lao lidalowa mu Chicago Federation of Labor, mgwirizano wa mabungwe a akalipentala, oyendetsa ngolo, osoka ndi ena otero. Phokoso lake lidali losasimbika. Manyuzipepala ena adati nzamanyazi kuti aphunzitsi, anthu aulemu wao, akhale pabenchi limodzi ndi anthu a zikhatho zokhakhala. Yankho la maiwa lidali lakuti ana amene amawaphunzitsa ndi ana a anthu omwewo. Nyuzipepala ya Chicago Tribune idali ndi chifukwa chinanso chowadera: Mai Haley ankanena poyera kuti nyumba yake idamangidwa pamalo a sukulu amene inkachita lendi pamtengo wozizira.

Tsopano tichoke mu Chicago tipite kulikulu. Bungwe la dziko lonse, National Education Association, mwachidule NEA, lidayamba mu 1857 ku Philadelphia, ndipo poyamba azimai sankaloledwa kukhala mamembala mpaka mu 1866. Ngakhale adaloledwa, ntchito yao pamisonkhano ya pachaka idali kudzaza mipando ndi kuomba m'manja. Olankhula adali akuluakulu a mayunivesite ndi oyang'anira sukulu, anthu ngati a Nicholas Murray Butler a ku Columbia ndi a William Torrey Harris, mkulu wa zamaphunziro m'boma. Nkhani zao zidali zakuya, za nzeru za maphunziro, koma za malipiro a mphunzitsi ankaziona ngati zochititsa manyazi kuzitchula pagulu.

Pamsonkhano wa ku Detroit mu 1901, a Harris atatha kuyamikira momwe maphunziro akuyendera bwino, Mai Haley adaimirira pakati pa anthu nkuwatsutsa, kuwakumbutsa za malipiro a aphunzitsi ndi za makampani ozemba msonkho. Olemba mbiri amati aka kadali koyamba mphunzitsi wamkazi wa pulaimale kulankhula motero pamsonkhano umenewu. Mu 1904 ku St. Louis adapatsidwa nsanja, ndipo adafotokoza chifukwa chake aphunzitsi ayenera kukhala m'mabungwe. Adatchula malipiro ochepa, ntchito yosatetezedwa, makalasi odzaza, ndi kusafunsidwa maganizo. Mfundo yao yaikulu idali yakuti sukulu ikusandutsidwa fakitale, mphunzitsi nkukhala ngati makina ongochita zimene ena aganiza, ndipo munthu wosaloledwa kuganiza sangaphunzitse mwana kuganiza. Papita zaka zoposa 120, koma werenganinso mndandanda wa madandaulo anayiwo muone ngati pali limene lakalamba.

Nanga nthambi ya mzinda umodzi inkagwedeza bwanji bungwe la dziko lonse? Chinsinsi chidali m'malamulo a NEA momwemo. Masiku amenewo membala aliyense amene wafika pamsonkhano adali ndi voti. Mai Haley adaona mpata. Ukalembetsa aphunzitsi ambiri, nkukwera nao sitima, nkugwirizana ndi aphunzitsi a mumzinda umene mukuchitikira msonkhano, holo yonse ndi yako. Ndi momwe zidayendera ku Boston mu 1910. Komiti yosankha maina idabwera ndi mwamuna wao monga mwa nthawi zonse, koma aphunzitsi adatchula dzina la Mai Ella Flagg Young, amene chaka chapitacho adali atakhala mkulu woyang'anira sukulu za ku Chicago. Mai Young adapambana, nkukhala mzimai woyamba kutsogolera NEA.

Koma nthambi ndi nthambi sizimvana nthawi zonse, ndipo apa Mai Haley sadali mngelo. Aphunzitsi aakazi a ku New York, motsogozedwa ndi Mai Grace Strachan, adali atathandiza ku Boston, ndipo mu 1911 adapambana nkhondo yao yoti mwamuna ndi mkazi azilandira mofanana. Mu 1912 Mai Strachan adafuna mpando womwe uja, msonkhano ukuchitikira mu Chicago momwemo. A ku Chicago sadawaponyere voti, ndipo adagwa. Chibale cha mizinda iwiriyi chidasweka pomwepo, mabwana akale aja akuonerera.

Kwao nako mitambo idayamba kuda. Mu 1915 bodi ya sukulu idavomereza lamulo la a Jacob Loeb loletsa mphunzitsi aliyense kukhala membala wa bungwe logwirizana ndi mabungwe a apantchito. Aliyense adadziwa amene akusakidwa. Kumapeto kwa chaka chomwecho Mai Young adachoka paudindo. Mu January 1916 Mai Goggin, msungichuma wodekha amene ankaziziritsa moto wa mnzaoyo, adagundidwa ndi galimoto yonyamula katundu nkumwalira. Mu June chaka chomwecho aphunzitsi 68 adauzidwa kuti asabwerenso kuntchito, 38 mwa iwo mamembala a bungwe lija, ena atsogoleri ake, ambiri a mbiri yabwino m'kalasi.

M'kati mwa mavutowa, mu April 1916, magulu angapo a aphunzitsi, atatu mwa iwo a mu Chicago, adapanga American Federation of Teachers, mwachidule AFT, bungwe la dziko lonse lomangidwa kuchokera pansi, nthambi iliyonse ndi nambala yake. Gulu la Mai Haley lidapatsidwa nambala 1. Koma ulemuwo sudakhalitse. Mu 1917 khoti lalikulu la Illinois lidati bodi ili ndi ufulu wolemba kapena kusalemba amene yafuna, pa chifukwa chilichonse. Mai Haley adayenera kusankha pakati pa mgwirizano ndi mkate wa mamembala ao. Adasankha mkate. Bungwe lao lidatuluka mu AFT ndi mu mgwirizano wa apantchito uja, ochotsedwa ambiri adabwezeredwa ntchito, ndipo chaka chomwecho padadutsa lamulo loteteza mphunzitsi amene wagwira ntchito zaka zitatu kuti asamachotsedwe chisawawa. Ine sindingawaweruze pamenepa. Wolankhula za kulimba mtima nthawi zambiri si amene ana ake agone ndi njala.

Nkhonya yomaliza idachokera kulikulu la NEA. Atsogoleri ake adatopa nako kudzaziridwa holo, ndipo adakonza zosintha malamulo kuti pamsonkhano pazivota nthumwi zokha, zosankhidwa ndi mabungwe a m'zigawo ndi nthambi za m'mizinda. Mu 1919 ku Milwaukee aphunzitsi a m'kalasi adaikana mfundoyi. Chaka chotsatira msonkhano adakauika kutali, ku Salt Lake City m'chigawo cha Utah, kumene a ku Chicago ndi a ku Milwaukee sakadafika ochuluka, ndipo aphunzitsi a kumeneko adavota momvera akuluakulu ao. Mfundo idadutsa mu 1920, Mai Haley akukuwa popanda womva.

Tinene chilungamo, a kulikulu adali ndi mfundo. Si demokalase kuti bungwe la dziko lonse lizilamulidwa ndi okhawo amene ali ndi ndalama ya sitima, kapena amene mwamwayi msonkhano wagwera pakhomo pao. Mphunzitsi wa kumudzi kutali adalibe mau m'kachitidwe kakale kaja. Koma Mai Haley nao adaona chimene chikubwera. Mabungwe a m'zigawo adali m'manja mwa oyang'anira sukulu, ndipo mphunzitsi wamba angakane bwanji kusankha bwana wake kukhala nthumwi? Paja amati kandimverere adakanena za m'maluwa. Mamembala a NEA adachulukadi kwambiri zitatha izi, ena atachita kukankhidwa ndi mabwana ao kuti alembetse, koma utsogoleri udakhala m'manja mwa oyang'anira kwa zaka zina makumi anayi ndi kuposa, kufikira aphunzitsi a m'kalasi adaulanda m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970.

Kuchokera apo Mai Haley adabwerera m'chigoba chao cha ku Chicago, ndipo zaka zotsalazo sizikoma kuzisimba. Mkulu watsopano wa sukulu, a William McAndrew, amene adafika mu 1924, adathetsa makhonsolo amene aphunzitsi ankaperekeramo maganizo. Pofuna kuthana nao, maiwa mu 1927 adathandiza a William Hale Thompson kuti akhalenso mfumu ya mzinda. Awatu ndi a Thompson omwe aja amene adali pampando nthawi ya lamulo la a Loeb, munthu wa mbiri ya katangale. A McAndrew adachokadi, koma chuma cha mzinda chidalowa pansi, ndipo amene adamenyera nkhondo msonkho wachilungamo adapezeka atagwirana chanza ndi wosakaza.

Chuma cha dziko chitagwa kuyambira mu 1929, aphunzitsi a ku Chicago adakhala miyezi yambirimbiri osalandira malipiro. Nthawi zina ankapatsidwa timapepala ta ngongole m'malo mwa ndalama, ndipo eni masitolo ankatilandira pamtengo wotsika. Mu 1933 aphunzitsi zikwizikwi adakhamukira m'misewu mpaka kulowa m'mabanki. Amene adawatsogolera sadali Mai Haley, koma mphunzitsi wachinyamata wa zamasewero, a John Fewkes. Maiwa, ali ndi zaka zoposa 70, adakakamirabe njira yao yakale ya mabuku a msonkho ndi makhoti, ndipo zionetserozo sadazikonde. M'badwo watsopano udawaona ngati gogo wokamba za nkhondo zakale.

Mu 1937 magulu a aphunzitsi a mumzindawo, aamuna ndi aakazi, a sekondale ndi a pulaimale, adagwirizana kupanga bungwe limodzi, Chicago Teachers Union, a Fewkes nkukhala mtsogoleri woyamba. Mai Haley adakana kulowetsa gulu lao. Mantha ao adali akuti m'bungwe lalikulu amuna a kusekondale ndiwo azidzalamula, ndipo azimai a kupulaimale adzabwerera kumipando yakumbuyo kumene adawachotsa zaka 40 zapitazo. Mantha amenewa sadali opanda pake, pakuti adaziona ndi maso ku NEA. Komabe nkovuta kukana kuti padalinso kaumwini. Adali atakhala paudindo kuyambira 1900, ndipo bungwe ndi iwo zidasanduka chinthu chimodzi. Munthu amene adaphunzitsa dziko kuti mphamvu ili mwa mphunzitsi wa m'kalasi adalephera kumva pamene aphunzitsi a m'kalasi omwewo adasankha njira ina.

Mai Haley sadakwatiwe. Adamwalira ku Chicago pa 5 January 1939 ali ndi zaka 77. Mbiri ya moyo wao imene adasiya atalemba idakhala m'mabokosi mpaka mu 1982, pamene idasindikizidwa ndi mutu wakuti Battleground. Chicago Teachers' Federation idapitirira kufota pang'onopang'ono mpaka idatsekedwa mu 1968. Nambala 1 ija, imene gulu lao lidaisiya mu 1917, idaperekedwa kwa Chicago Teachers Union, bungwe limene adakana kulowamo, ndipo ndilo likuinyamula mpaka lero.